Mkamwini ndi Dimba la Apongozi

Gilibati atafika kudambo, khasu lili paphewa, anapeza dimba lagawidwa. Chigawo cha kumunsi, kumene chinyontho sichitha ngakhale dzuwa la Okutobala litakwiya bwanji, chinali chitagaulidwa kale. Mayi wina anali atawerama akuwokera anyezi, mwana ali kumbuyo.

Dimbalo linali la apongozi ake, a Nankhoma. Gilibati kwawo kunali ku Nathenje. M'mudzi muno, kufupi ndi Mitundu, anabwera kudzakhala chikamwini atakwatira Zipora, mwana wa a Nankhoma. Ndipo ntchito ya chikamwini anaigwira osanyinyirika. Nyumba ya apongozi anafolera ndi iye. Nkhokwe analuka ndi iye. Mitengo ya chigafa cha fodya anasenza ndi mapewa ake. Nthawi yonseyi dimba lija linangokhala thengo, ndipo iye ankaliyang'ana akamadutsa, mumtima akuti, tsiku lina adzandiuza kuti ndilitenge.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero Gilibati, mawu ali gwa. "Malo ano wakupatsani ndani?"

Mayi uja anaweramuka, nanjuta mwaulemu. "Ndadzuka bwino, kaya inu achimwene. Andibwereka ndi amayi, a Nankhoma."

"Amayi? Akhala amayi anu kuyambira liti?"

"Inenso ndine Nankhoma, achimwene. Wa ku Angoniya."

Dzina lake anali Jacinta. Anathawa nkhondo ya ku Mozambiki, nadutsa mapiri a Dzalanyama wapansi ndi ana awiri. Kumene kunali mwamuna wake sankakudziwa. A Nankhoma atamva kuti ndi wa pfuko lawo, anamupatsa kanyumba kuseri kwa khitchini. Mwezi ndi mwezi Jacinta ankapita kukalandira thandizo la othawa nkhondo: ufa, nyemba, mchere ndi mafuta ophikira.

Tisanamizane, zinthu zotere zimawawa. Chaka chimenecho chimanga sichinachite bwino, ndipo m'makomo ambiri ndiwo zinali za madzi ndi mchere basi. Ndiye madzulo aliwonse fungo la mafuta lizichokera kuseri kwa khitchini, kukanyumba ka mlendo? Gilibati ankalimva fungolo ngati chitonzo. Tsono lero ndi dimba lomwe.

Atafika kunyumba anaponya khasu pansi. "Make Esitere! Ukudziwa zimene achita amayi ako?"

"Ndikudziwa," anayankha Zipora, akupeta mphale osatukula mutu.

"Ukudziwa, ndipo uli phee? Ine ndatha mapewa pakhomo pano. Wina wangotsika m'phiri dzulodzuloli, wapatsidwa nyumba, wapatsidwa ufa, wapatsidwa bulangeti latsopano pamene lathu likuonetsa nyenyezi. Lero wapatsidwa dimba. Kodi kuti munthu akuone m'dziko muno uyambe wathawa kaye nkhondo?"

"Bambo a Esitere, mafuta amenewo ndi omwe anali mu mpiru wa dzulo. Anatigawirako. Munanyambita mpaka chala chachikulu."

"Ndikanadziwa ndikanalavula!"

"Bwenzi mutalavula mbale yonse," anatero Zipora, napitiriza kupeta.

Tsiku la msika Gilibati anapita ku Mitundu. Anakhala pansi pa mtengo pamene a Pitala ankakonzera njinga, pamalo amene amuna ankakonda kucheza. Wailesi ya a Pitala inali lende panthambi, ndipo wowerenga nkhani ankanena kuti atsogoleri a mayiko a kumwera kwa Africa akumana kukambirana za mgwirizano wawo.

"Mwamva?" anatero Gilibati, akuloza wailesi. "Mgwirizano! Makolo athu anavutika kuti aphwasule Chitaganya cha azungu. Lero tikulowa chitaganya china ndi miyendo yathu. Ndicho chikutithirira anthu awa m'midzi. Tituluke basi. Titseke malire, aliyense adyere kwawo!"

A Pitala anacheuka uku ndi uku. "Aaa, tsitsa mawu iwe. Ayufi ali pachipata paja akufunsa makadi a chipani. Ine ndikufuna kukagona kunyumba kwanga lero."

"Komatu sakunama mnyamatayu," anatero bambo wina chapansipansi. "Nkhuni zikutha. Pachigayo mzere mpaka kumsewu."

Pa benchi panali a Matthews, mlangizi wa zaulimi wa dera limenelo, akudikira kuti awamatire chubu. Anali munthu wosafulumira kuyankhula.

"A Gilibati, ndikufunseni pang'ono," anatero. "Chitaganya chija, anatifunsa tisanalowe?"

"Sanatifunse."

"Ankalamula anali ndani?"

"Azungu a ku Halale."

"Ndiye kusiyana kwake kuli pamenepo. Mgwirizano uwu tinalowa tokha, ngati dziko lodzilamulira, ndipo palibe dziko limene likulamula linzake. Ndi kuthandizana pa misewu, njanji ndi malonda. Ife tilibe doko. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zasokonezeka ndi nkhondo yomweyi. Feteleza amene munathira mu fodya wanu, parafini, ngakhale chubu changachi, zonse zimadutsa m'mayiko a eni zisanafike pa Mitundu. Mukatseka malire, mwadzitsekera nokha m'nyumba."

"Ndiye chifukwa cha chubu tipereke minda yathu?"

"Palibe pangano limene likuti mupereke munda. Ndipo anthu awa sanabwere ndi mgwirizano umenewu. Abwera chifukwa zipolopolo zili kumbuyo kwawo. Titatuluka lero, mawa abwerabe, pakuti chipolopolo sichimvera wailesi. Za othawa nkhondo ndi pangano lina, la mayiko a mu Africa ndi a dziko lonse, ndipo mfundo yake ndi imodzi: wothawa imfa sabwezedwa ku imfa. Moto utabuka kuno, pangano lomwelo ndilo lingatchinjirize inu ndi ana anu."

Amuna ena anagwedeza mitu. Zimenezi zinangomuwonjezera moto Gilibati.

"Mukuyankhula bwino, alangizi, chifukwa mwezi ukatha boma limakukumbukirani. Inu simunalandidwe dimba." Anadzuka nasasa fumbi kuthalauza. Kenako anawerama pafupi ndi a Pitala, nanena motsitsa, koma a Matthews anamva. "Ndikudziwa kopita. Ndikawauza a tcheyamani a chipani kuti kwa mayi uja kumabwera amuna a mfuti. Tione ngati mawa akhale akuthirira anyezi."

Gilibati atachoka, a Matthews sanadikirenso chubu. Anabwereka njinga ya a Pitala, ija yopanda mabuleki, nakamupeza Gilibati atangodutsa pachigayo. Anaima pokhwekhwereza nsapato pansi.

"A Gilibati, amuna a mfutiwo munawaona?"

"Sindinawaone. Koma atsutse ndani?"

"Chabwino. Tiyerekeze kuti akukhulupirirani. Galimoto yabwera, yamutenga mayi uja, ana atsala akulira. Funso lachiwiri lidzakhala lotani? Adzafunsa kuti kanyumbako n'ka yani. Adzawatenga apongozi anu. Adzafunsa kuti amaphika naye ndani. Adzamutenga mkazi wanu. Ndiye inu, mwamuna wapakhomopo, mudzati simunkadziwa? Masiku ano mawu otere akalowa mu ofesi satulukanso, ngakhale mutawatsatira mukulira."

Gilibati anali asanaganizire za Zipora.

"Mverani," anapitiriza a Matthews. "Dandaulo lanu la njala ndi loona. Si chilungamo kuti thandizo lidutse pakhomo pa mwini mudzi wanjala osaima. Limenelo bwerani nalo ku komiti ya chitukuko, ndidzakhala kumbali yanu. Koma wolakwa si mayi uja. Ndipo nkhani ya dimba si ya chipani, si ya mayiko. Mwini dimba ndi apongozi anu. Ankhoswe anu ali kuti?"

"Ku Nathenje."

"Yambirani kumeneko."

Gilibati anapitadi ku Nathenje m'mawa mwake, koma anali ndi zake mumtima. Ankafuna kuti ankhoswe akamupemphere chitengwa, atenge mkazi ndi mwana, achoke pamudzi wosayamikawo.

Nkhoswe wake anali mkulu wake, a Jeremiah, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo m'mphepete mwa msewu wa ku Blantyre. Anamvetsera nkhani yonse makina akulira, ulusi uli pakamwa. Gilibati atamaliza, anaimitsa phazi.

"Ndamva, mphwanga. Tsono pokana anati chiyani?"

"Ndani?"

"Apongozi akowo. Utapempha dimbalo, anakana kuti chiyani?"

Gilibati anayang'ana basi imene inkadutsa. "Ndikanapempha bwanji, achimwene? Mwambo mukuudziwa. Tikakumana panjira iwo amapatukira kutchire, ine kwina. Sitinayang'anizanepo kumaso."

"Mkazi wako unamutuma?"

"Mwamuna sapempha munda kudzera mwa mkazi. Amayenera kuona okha. Kodi thukuta langa silinkaoneka?"

A Jeremiah anachotsa ulusi pakamwa, namuyang'ana, kenako anaseka mpaka anagwira makina kuti asagwe. "Ndiye kuti zaka zonsezi wakhala ukupempha ndi msana? Ukufolera denga, mumtima ukuti amva? Nanga ine ndine nkhoswe wa chiyani? Wongodya nkhuku tsiku la chinkhoswe?"

"Musandiseke, achimwene. Mlendo wandidyera dimba."

"Mlendo? Iwe pamudzi paja ndiwe yani? Mchombo wako unagwera kuno ku Nathenje." Apa nkhope yawo inasintha. "Ndipo usamatchule mawu amenewo mopepuka. Atate anafera ku Halale, pafamu ya fodya. Ife tinali ana. Anawasambitsa ndi kuwaika m'manda ndi eni dziko, anthu amene sitidzawadziwa mayina. Ukanakonda kuti akanawataya kumalire?"

"Ayi."

"Za chitengwazo, kuno dimba la amayi akulima alongo ako ndi amuna awo. Ukabwera udzayenera kupemphanso, ndipo ndi mkamwa mwako motsekamo udzafera pa chigwada. Lamulungu ndikubwera ku Mitundu. Undikonzere madzi osamba, fumbi la kwanuko ndimalidziwa."

Lamulungu anthu ataweruka kutchalitchi, banja linakhala pansi. A Jeremiah anakhala pabwalo ndi amalume a Zipora, amene anali nkhoswe wa kuchikazi. A Nankhoma anakhala kuseri kwa mpanda wa khitchini atafulatira. Gilibati anakhala pafupi ndi nkhokwe, nayenso atayang'ana kwina. Aliyense ankamumva mnzake bwinobwino, koma mawu ankayenera kudzera mwa ankhoswe.

A Jeremiah anawomba m'manja. "Zikomo eni mbumba. Tabwera ndi pempho limene linachedwa panjira. Mwana wanu, mphwanga uyu, akupempha malo kudimba kuti azidyetsa mdzukulu wanu."

Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. "Muwafunse akamwini angawo," anatero a Nankhoma, "pempholi analitumiza liti, kuti mwina amene anamutuma anagwa nalo mumtsinje."

"Akuti analitumiza liti?" anatero a Jeremiah, akubisa kuseka.

"Muwauze kuti ndimayesa ntchito zanga zikuyankhula," anatero Gilibati.

"Muwauze kuti ntchito ndinaziona, ndipo ndimazitama kumadzi ndi kumaliro komwe. Dimba ndinalisunga chaka ndi chaka, likumera nsenjere, azichemwali anga akulipempha ine n'kumakana. Ndinkadikira mawu. Koma mawu amene ndinkamva kudzera pampanda uno ndi amodzi okha. Ndiwo zikachepa mchere, kwathu ku Nathenje. Nkhuku ikalowa m'nyumba, kwathu ku Nathenje. Ndinati munthu wa ulendo ukamupatsa dimba adzati ukumumanga miyendo. Mwana wa ku Angoniyayu anabwera, anagwada, anatsegula pakamwa. Ndikanatani?"

Amalume a Zipora anaseka. Panalibe chabodza pa zimene a Nankhoma ananena.

Anamuitana Jacinta. Anabwera mwamantha, nagwada patali, mwana wamkulu atagwira chitenje chake.

"Ngati ndayambanitsa banja, ndikazule anyezi uja lero lomwe," anatero. "Sindinabwere kudzalanda. Munda ndili nawo kwathu, waukulu, wa mapichesi m'malire. Koma mnansi wanga anapita kukalima m'munda mwake, naponda bomba limene asilikali anakwirira. Tinamuika m'manda osamuona nkhope. Ufa uja ndimalandira, inde, koma kuima pamzere ndi thumba ngati wopemphetsa, ine amene ndinkadyetsa aganyu, kumandidwalitsa. Ndinapempha dimba kuti manja anga asaiwale. Tsiku limene kwathu kudzazizire, simudzachita kundiuza."

Gilibati anakumbukira bodza limene ankafuna kukanena kwa a tcheyamani tsiku la msika lija.

"Musazule, chemwali," anatero. Koma Gilibati anali Gilibati, ndipo chimene chinali chokhota sakanachimeza. Anacheukira a Jeremiah. "Komabe, achimwene, muwauze kuti pali chimodzi. Akandipatsa chigawo chotsalacho andipatsa fumbi. Kumtunda kuja kumauma mwezi wa Ogasiti usanathe. Madzi onse ali kumunsi. Kodi chimenecho n'chilungamo?"

"Apo wanena zoona," anavomereza amalume.

Anthu anayamba kuyankhulira pamodzi. Wina ati Jacinta akwere kumtunda, wina ati ayi anawokera kale. Zipora, amene anali chete nthawi yonseyi, anatola kamtengo nalemba mzere pansi.

"Vuto ndi kadulidwe," anatero. "Amayi analidula chopingasa, wina kumtunda wina kumunsi. Tilidule chotsika, kuchokera pachulu mpaka kumtsinje. Aliyense akhale ndi pouma pake ndi ponyowa pake. Chitsime tikumbe pamzere penipeni, chikhale cha tonse. Anyezi amene wagwera mbali yathu akolole mwini wake, ife tidzadzala pambuyo."

A Jeremiah anawomba m'manja. "Mphwanga, nzeru unali nazo m'nyumba, iwe n'kumakazifuna ku Nathenje."

Anagwirizana momveka, pamaso pa ankhoswe onse awiri. Mbali ya kum'mawa inaperekedwa kwa Gilibati ndi Zipora kuti ikhale yawo. Mbali ya kumadzulo anabwerekedwa Jacinta mpaka kwawo kudzakhale mtendere, ndipo akadzapita idzabwerera kwa a Nankhoma. Amalume anapita kukawadziwitsa amfumu kuti pasadzakhale wonena zina mtsogolo.

Chitsime anakumba Gilibati, Jacinta ndi Zipora akukoka dothi. Iye anadzala kabichi ndi tomato. Nsanje siinathe tsiku limodzi ayi. M'mawa uliwonse ankati akathirira mbewu zake, maso n'kuwoloka mzere, ndipo anyezi wa Jacinta ankaoneka wonenepa mopsetsa mtima. Anapirira, anapirira, kenako tsiku lina anatula khasu.

"Chemwali, anyezi ameneyu mumamupatsa chiyani?"

"Manyowa a mbuzi owolerana bwino, ndi phulusa pang'ono. Ndipo inu mumathirira dzuwa litakwera, achimwene. Mbewu sizikonda zimenezo. Ndimafuna kukuuzani kalekale, koma nkhope yanu inkaopsa."

Nthawi yokolola itafika, wamalonda wina wa ku Lilongwe anabwera pa Mitundu kufuna ndiwo zamasamba. Sankafuna za m'dengu, ankafuna ngolo yodzaza. Za Gilibati zokha sizikanakwana. Za Jacinta zokha sizikanakwananso. Anaphatikiza, kabichi pansi, anyezi pakati, tomato m'madengu pamwamba, ndipo ngolo inachita kulira pokwera chitunda. A Nankhoma anaima kuseri kwa mpanda wawo akuisuzumira, nauza mdzukulu wawo mokweza kuti anthu onse amve: "Esitere, kawauze abambo ako kuti ng'ombezo aziziyendetsa bwino. Tomato wathu angaphwanyike."

Abale anga, phunziro lake ndi ili. Kudandaula pamene waponderezedwa si tchimo, ndipo munthu asakutsekeni pakamwa. Koma dandaulo lipite pakhomo pake. La munda lipite kwa eni munda ndi ankhoswe, la njala lipite ku komiti ya chitukuko, ndipo za mapangano a mayiko tiyambe tafunsa kuti akunena chiyani tisanafuule kuti tituluke. Wothawa nkhondo sanasankhe kubwera, ndipo si iye anabweretsa umphawi wathu. Bodza lomunamizira limapsereza ndi nyumba yako yomwe. Ngati mwabwereka mlendo malo, nenani poyera kuti ndi kubwereka, pakhale mboni, ndipo mugawane madzi mofanana. Ndipo chimene ukuchifuna, usachipemphe ndi msana. Tsegula pakamwa.